Nkhope ya Azakhali pa Foni ya Apongozi

Ana a mchimwene wanga, Primrose ndi Rutendo, chibadwire sanagwirizanepo pa kanthu. Wina akati tiyi watentha, mnzakeyo amati wazizira, kapu yake imodzimodziyo. Koma bambo awo a Bernard atatisiya, atsikana awiriwa anagwirizana koyamba. Anagwirizana zoti ine Florida, azakhali awo enieni, ndichoke m'chipinda chakuseri kwa nyumba ya ku Zengeza 1, mulowe loja wolipira lendi, ineyo andikweze basi ya kumudzi.

Kumudzi kwake kuti? Ati ku Dedza. Ine ndinabadwira pa famu ya malalanje ku Mazowe. Mano anga onse anamerera m'dziko lino ndipo ambiri agwera momwemuno. Ku Dedza ndimangokumvera m'kamwa mwa nkhalamba za pamaliro. Nditakatsika basi kumeneko ndingakalonjere ndani, mbuzi?

"Tete, kumudzi kuli mpweya wabwino," anatero Rutendo. Ana athuwa Chichewa amachimva bwinobwino koma pakamwa pamatuluka Chishona, ndiye azakhali amati tete. Pano ndiwalankhulitsa Chichewa, afune asafune.

"Mpweyawo ndikaudya ndi ndiwo yanji?" ndinamufunsa.

Anangoti nkhani idzatsekedwa mu Disembala, Primrose akadzabwera kuchokera ku Mangalande kumene amasambitsa nkhalamba za eni. Mayi awo, alamu anga a Rozina, anangotenga kansalu kopukutira. A Rozina ndi mayi wa Chigwirizano, wa bulauzi yoyera, amene akapsa mtima amangopukuta tebulo. Tsiku limenelo tebulo linasupuka vanishi.

Ndiye kunachitika kuti kafoni kakale ka a Rozina kanagwera m'ndowa ali pamzere wa ku mjigo. Anakayanika padenga ngati usipa, koma sikanadzukenso.

Apa ndiyambe ndakuuzani za alamu angawa ndi akamwini awo. A Rozina amasunga mwambo wa upongozi ngati dzira. Mkamwini akangogwira geti, iwo thawu! kuseri kwa katani yotchinga khomo la kukhitchini. Amalankhulira komweko, maso pansi, mawu ngati odwala. Chikwatiwire ana awo sanaonepo nkhope za akamwini awo pafupi. Amawazindikira nsapato, poti katani ija siifika pansi. Ineyo pa Chichewa ndimayenera kumathawa nawo, koma Ashona amati tete ndi mkamwini amaseka, amatchulana mkazi ndi mwamuna mwanthabwala, amagwirana ngakhale paphewa. Ndinayang'ana malamulo awiriwa n'kusankha londikomera.

Woyamba kubwera ndi foni anali Meshack, mwamuna wa Rutendo. Ameneyu amakonza mafoni pa kashopu ka ku Makoni, ndipo amakhala ku Nyatsime m'nyumba yomwe mawindo akadali otseka ndi njerwa. Anakhala pampando wapafupi ndi khomo, nawomba m'manja.

"Amayi, ndabweretsa kafoni. Ndi Andiroidi."

"Ati chiyani?" anafunsa a Rozina kuseri kwa katani.

"Ati ndi Andiroidi," ndinatero ine, mwendo wina uli pabalaza wina kukhitchini ngati womasulira wa ku msonkhano wa chitsitsimutso.

"Auzeni zikomo kwambiri. Afunseni ngati mwini wake wa dzinalo akudziwa kuti foni yake ili kuno."

Meshack anakhosomola n'kuyamba ulaliki. Ati imalowa malaini awiri. Ati ikadzaza mumaikamo kakadi, nyimbo zilowe mpaka mutope. Ati chaja mutha kubwereka kwa aneba, kwa kondakitala wa kombi, ngakhale kwa mdani wanu. Ikagwa n'kusweka galasi, pa Makoni pomwepa amaisintha inu mukudya chimanga chootcha.

"Koma chachikulu, imatsegulidwa ndi chala. Mbava ikaba yaba njerwa. Ndiye ndikupempha chala cha amayi, ndichigwire, ndichidinde apa kangapo mpaka foni ichizolowere."

Kukhitchini kunagwa mbale.

"Amuna anga," ndinatero, "mwamwa chiyani m'mawa uno? Mugwire chala cha apongozi? Mawa mudzati muwapese tsitsi. Bweretsani kuno, ndikawadinditse ndine."

Anandionetsa podinda, nati ndikadinde, ndichotse, ndidindenso, mpaka chithunzi cha chala chidzaze. Ndinalowa nayo kuseri. A Rozina anali atabisa manja onse m'khwapa.

"Alamu, ine ayi," ananong'ona. "Zimenezi ndi zija amadinditsa akaidi. Ikani chanu."

Mverani bwino pamenepa, anapempha okha. Ine ndine munthu womvera. Ndinapukuta chala changa chachikulu pa chitenje n'kudinda, kuchotsa, kudinda, uku ndikukuwa kuti, "Limbani mtima alamu, sichiluma!" Meshack ali pabalaza ankangoti, "Ehe, ehe, amayi akuchita bwino." Atapempha nambala yachinsinsi yothandizira chala chikakana, ndinamupatsa nambala ya chitupa cha ntchito cha bambo athu a pa famu paja, yomwe tinkaiimba ngati nyimbo tili ana. Padziko pano wotsala woidziwa pamtima ndine ndekha.

Nkhani inafika ku Mangalande isanazizire. Primrose anamva kuti mayi ake akuyenda ndi foni ya mwamuna wa mng'ono wake, ndipo ati sanadye. Mwamuna wake Denzel anali atatsogola kale kudzaona omanga nyumba yawo, ndiye sabata isanathe tinangoona nsapato zoyera pageti. Kunja kukutentha kwa Okutobala, phula likuchita kumata, iye ali m'jekete la chisanu lofika m'maondo.

"Amayi," anatero atawomba m'manja pang'ono ngati akuopa kuthyola zala, "tamva kuti mwakhala mukuvutika ndi chinthu china. Ndabweretsa foni. Aifoni."

Anaitulutsa m'kabokosi pang'onopang'ono ngati mkate wa mgonero. Kumbuyo kwake kunali chithunzi cha apozi woluma kale.

"Afunseni," anatero a Rozina nditawaonetsa, "kuti analuma ndani."

"Amabwera choncho, amayi. Ndi chizindikiro cha ulemu."

Denzel sanalalike zambiri. Anati foni imeneyi siifuna kuitamanda, anthu amangoiona patebulo n'kukupatsa mpando. Ati chithunzi chake ukajambula nkhuku umawerenga nthenga. Ati imakhala zaka osatopa. Ndipo zodindadinda zala ngati uli kupolisi ndi zachikale.

"Iyi imafuna nkhope. Ndiigwira chonchi, amayi andiyang'ane kuno, azungulize mutu pang'onopang'ono."

Ulendo uno kunagwa poto ndi chivundikiro chake chomwe.

Ndinailanda n'kulowa nayo kuseri. A Rozina anali atadzifunda kale chitenje kumutu ngati namwali wa pachinkhoswe. Sindinafunsenso kawiri. Ndinakonza duku, ndinanyambita milomo, ndinayang'ana m'kagalasi kaja.

"Amayi, zungulizani mutu ngati mukutsata ntchentche ndi mphuno!" anakuwa Denzel ali pabalaza.

"Akuzunguliza!" ndinayankha, khosi likulira ngati chitseko chakale.

"Asatsinzine!"

"Atong'ola ngati kadzidzi!"

Foni inalira kamodzi kusonyeza kuti yakhuta. Nambala ndinaperekanso ya bambo athu ija. Denzel anaikamo laini yatsopano, nati Primrose azilankhula ndi amayi pa foni imeneyi yokha, mawu ake asamadutse m'foni ya anthu okonza mafoni. Rutendo atamva anati nayenso mawu ake sadzapezeka m'foni yolumidwa.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Nkhope yangayi, yomwe amuna atatu anaiyang'ana n'kusamukira ku Bulawayo, inasanduka kiyi.

Atsikanawa sakonda kuimba foni, ati netiweki imadula. Amajambula mawu pa Watsapu n'kutumiza, ndipo mawu otere sungawamve foni ili yotseka. Ndiye kukacha mumamva, "Alamu, mwadzuka? Ya chala yalira." Ndisanamalize kusukusula, "Alamu, ya nkhope nayonso." A Rozina mafoniwo sankawagwira ndi manja. Ankawanyamula pa kansalu kopukutira mbale ngati mbatata yamoto, ine n'kutsegula, n'kuwagwirira kukhutu. Tiyi wanga anayamba kubwera ndi mkaka. Buledi anayamba kupakidwa majarini mbali zonse.

Mukandifunsa ine amene ndagwira ntchito m'makampani onse awiriwa, iliyonse ili ndi khalidwe lake. Ya chala imanyansidwa ndi chala chonyowa. Ndikachoka kochapa, chala chitafota ndi sopo, imandikana ngati Petulo. Ndinawafunsa alamu kuti, "Ndichape, kapena mukufuna kumva za mdzukulu wanu wa ku Nyatsime?" Zochapa ndinasiyira pomwepo. Koma foni yomweyo ilibe chilungamo. Tsiku lina masana ndikuwodzera pansi pa mtengo wa mapeyala, ndinamva wina akundisolola chala. A Rozina, mayi wa Chigwirizano, kuba chala cha munthu wogona! Ndipo foni inatseguka osafunsa n'komwe. Kuyambira pamenepo ndimagona manja ali m'khwapa.

Ya nkhope ndi yaulemu. Anaiyesa nayonso ine ndikuliza mkonono, koma inakana, imafuna maso otsegula. Vuto lake ndi lodzimva. Lachinayi kumsonkhano wa amayi, anzawo a alamu amagawana nyimbo za kwaya pongoyandikizitsa mafoni, opanda bandulo. Ya chala imalandira ngati mwana wamasiye, chilichonse. Ya nkhope imangokhala duu, siilandira za mitundu ina. Koma ikafika nthawi yojambula, amayi onse amathamangira kwa iyo, mpaka mayi busa anati ndiwajambule kawiri poti inawachotsera zaka. Ine kutchalitchi ndinali nditasiya kalekale, koma tsopano ndinkakhala benchi yakumbuyo ngati kiyi wa galimoto, ndikudya mabanzi a Ambuye.

Atsikana aja ankandifunsa mwamseri. Rutendo ankati, "Tete, amayi akukonda iti?" Ine, "Ya amuna ako, mwanawe. Inayo amangopsinjira mapepala." Primrose naye, "Tete, nenani zoona." Ine, "Ya amuna ako, mwanawe. Inayo amaphwanyira mtedza." Aliyense ankaseka n'kunena kuti ndine tete wabwino. Koma pomaliza sankaiwala kuwonjezera kuti, "Katundu mwayamba kumanga? Disembala wayandikira."

Ndipo anayandikiradi. Primrose anatera ndi masutikesi onunkhira sopo wa kunja. Lamlungu titaweruka kutchalitchi onse anadzaza pabalaza: Primrose ndi Denzel mbali iyi, Rutendo ndi Meshack mbali iyo, nkhuku yokazinga pakati, a Rozina kuseri kwa katani pa kampando kawo, ine pakhomo. Nkhani zinali ziwiri. Yoyamba, amayi asankhe foni imodzi poti kuyenda ndi awiri ngati wogulitsa ndalama pamsewu n'zochititsa manyazi. Yachiwiri inali ine. Loja anali atapezeka kale, mnyamata wa ku Unit L dzina lake Jasper, ndipo ati anabwera dzulo lake kudzayeza chipinda changa ndi chingwe ine ndili kumaliro.

Anayamba ndi mafoni poti ndiyo inali nkhani yofunika.

"Ine sindilimbana ndi munthu," anatero Denzel akupukuta zala. "Koma tinene zoona. Andiroidi ndi kombi. Aliyense amakwera, wa nkhuku, wa matumba a makala."

"Kombi imakafika ku Nyatsime," anatero Meshack. "Yanuyo ndi galimoto ya ukwati. Yokongola, koma ikaphwa tayala mudzi wonse umasonkha."

"Siiphwa."

"Pashopu panga zimabwera. Eni ake amalira Chingerezi."

"Chithunzi cha foni yanu, babamunini, munthu amaoneka ngati wajambulidwa m'kati mwa utsi wa zinyalala," anatero Denzel. Pa Chishona mkamwini wamng'ono ndi babamunini, wamkulu ndi babamukuru.

"Maandiroidi alipo mitundumitundu, babamukuru. Ena amajambula mwezi. Inu mumadziwa mtundu umodzi wokha ngati mbuzi ya pachingwe. Tandiuzani, magetsi akapita masiku, amayi akapita kwa aneba a sola, chingwe cha foni yanu yakaleyo akachipeza kwa ndani?"

"Munthu wa Aifoni amayenda ndi chingwe chake."

"Eya, ngati mbuzi ija."

Rutendo anaseka mpaka mpunga unamutuluka m'mphuno. Primrose anaimirira.

"Zokangana n'zachiyani? Foni yomwe amayi aizolowera ioneka. Amayi, tsegulani ya ife muwaonetse anthuwa."

Ana aakazi katani siiwaletsa. Primrose anaikankha n'kulowa, Rutendo pambuyo, mafoni onse m'manja. Ndinawatsatira ndikupemphera pemphero lomwe ndinali nditaiwala pakati.

Primrose anaimika foni kutsogolo kwa mayi ake modzidzimutsa, asanapeze chitenje. Foni zii. Anaipukuta, nayesanso. Zii.

"Mwina ndi duku," anatero.

"Imeneyo ndi foni yosadziwa mwini wake," anatero Rutendo mokondwa. "Amayi, patseni chala." Anagwira chala cha mayi ake n'kudinda pa inayo. Foni inanjenjemera kukana. Anayesa chala china. Anayesa zonse mpaka kachala kakang'ono.

Ine chondipweteka ndi chidwi. Ndinasuzumira paphewa la Primrose kuti ndione mmene zikuyendera. Foni ija kungondiona, tsegu! ngati galu woona mbuye wake.

Primrose anayang'ana foni, kenako anayang'ana ine.

"Tete," anatero Primrose pang'onopang'ono, "bwererani kumbuyo." Anaitseka. "Suzumiraninso."

Ndinasuzumira nditakwinya nkhope, tsaya limodzi nditalifufumitsa. Chitsiru cha foni chinandizindikirabe.

Rutendo anandigwira dzanja osapempha. Chala changa kungokhudza, nayonso tsegu!

Kunabuka chiphokoso. Kachiwiri m'moyo wawo ana a mchimwene wanga anagwirizana. Ati ndine mfiti, ati ndamva zinsinsi zawo zonse, ati n'chifukwa chake zomwe Rutendo ananena za apongozi ake zinafika ku Makoni. Zimenezo zinafika zokha, ine ndinangoziperekeza pang'ono. Amuna aja ali pabalaza ankangofunsa kuti, "Chachitika n'chiyani? Yakana ndi iti?"

"Zakana zonse!" anakuwa Primrose. "Tete akwera basi ya mawa lomwe. Denzel, nambala ija!"

Ndinati bola nambala ili m'mutu mwanga mokha. Koma Denzel, munthu wa ku Mangalande, anali ataisunga m'foni yake. Anaiwerenga mokweza, nambala ya bambo anga, ngati akuitana wodwala kuchipatala. Primrose anadinadina, nkhope yanga n'kufufutika. Ndinakhala pansi pa thumba la ufa. Ndinayamba kuganiza kuti kodi ku Dedza kumazizira bwanji, poti juzi ndili nayo imodzi.

"Amayi, yang'anani kuno. Zungulizani mutu."

A Rozina anakoka chitenje n'kudziphimba mpaka pachibwano.

"Amayi, ndine Primrose. Amuna ali kunja."

"Ndikudziwa," anatero mawu ochokera m'chitenje, ndipo sanali mawu a wodwala aja. Anamveka mpaka pabalaza. "Foni imeneyi inabwera m'thumba la ndani?"

"La Denzel."

"Kakuda ako kali pamwambapa n'chiyani?"

"Ndi kamera, amayi."

"Ndi diso. Diso limeneli lakhala likuyang'anana ndi akamwini aakulu m'mawa ndi madzulo. Ndiye iwe ukuti ine, mayi ako, ndiyang'anitsitse m'menemo, osaphethira, ndizipotokola khosi ngati mtsikana wa pa bala? Bambo ako sanathe chaka m'manda."

"Amayi, ndi makina chabe!"

"Malaya nawonso ndi nsalu chabe. Unandionapo nditavala malaya a amuna ako?"

Rutendo anaona mpata. "Ndiye basi, amayi asankha ya ife. Ya ife ilibe zoyang'anana. Chala chokha."

"Iwenso khala chete. Pamene ukuti ndiike chala changapo, akamwini aang'ono anapapasapo kangati? Kumeneko ndi kugwirana chanza. Lero wandidinditsa mokakamiza, ndikasamba ndi mchere."

Atsikana anayang'anana. Anatuluka kukaitana amuna awo kuti awathandize kufotokoza za sayansi. Koma anaiwala kuti mwamuna ndi foni yake ndi chinthu chimodzi. Meshack anali atafufuma kale ngati chitumbuwa.

"Amayi akunena zoona," anatero akuwomba m'manja molunjika katani. "Foni imeneyo ndinaisankha ndekha, galasi loteteza ndinamata ndi manja angawa, ndinaliuzira ndi mpweya wanga. Ndineyo ndithu. Amayi atailemekeza, alemekeza ine."

Denzel sakanalola kupitidwa. "Ngati ndi choncho, yanga ndiye yoopsa kwambiri. Imeneyo ndagona nayo pansi pa pilo zaka ndithu. Ndalowa nayo ngakhale kubafa."

"Ohoo!" anatero Meshack. "Mwavomera pamaso pa anthu kuti munapatsa amayi kaunjika!"

"Aifoni yakale imaposa Andiroidi ya m'pepala!"

"Chete nonse!" anakuwa Primrose. "Chabwino. Tigula ina, ife ana, ndi manja athu. Mkamwini asaikhudze."

"Eya," anatero Rutendo. "Andiroidi yabwino."

"Aifoni."

"Mayi anga sangagwire foni yosalandira nyimbo za Mulungu."

"Mayi anga sangagwire foni ya makondakitala."

Ndili pa thumba la ufa paja ndinafunsa mwaulemu ngati kulibe mtundu wachitatu. Akamwini onse anapukusa mitu, ati masiku ano m'mashopu ndi iwiri yomweyi. Wina anatchula kambudzi, kafoni ka mabatani kaja, koma Denzel anati anthu a ku Zengeza adzati mkamwini wa ku Mangalande wagwa nayo, ndipo Meshack anati pa Makoni sangadzayendenso masana. Kuwonjezera apo kambudzi sikanyamula mawu ojambula, ndiye atsikanawa azidzanenerana miseche kudzera kuti? Rutendo anati bwanji angochotsa loko. Amuna onse awiri anadzuka limodzi ngati kwaya, ati foni yopanda loko ndi nyumba yopanda chitseko.

A Rozina anadikira mpaka onse atatopa. Kenako anatsitsa chitenje pang'ono, kuseri kwa katani komweko.

"Mafoni onse awiri ndi abwino," anatero. "Akamwini anga onse awiri ndi abwino. Sindisankha, ndipo sindigwira. Ondigwirira alipo, ndi alamu anga. Mukawakweza basi, muwapatsirenso mafoniwo apite nawo ku Dedza, muzikalankhula ndi iwowo. Ine ndizikumverani kwa anthu odutsa pamsewu."

Ndinayang'ana Primrose. Ndinamuona akuganiza za ku Mangalande, kuzizira kuja, kubwera kuntchito wopanda woti amuuze kuti wadya chiyani. Rutendo naye anaganiza za yemwe angamamudandaulire Meshack akachedwa ku Makoni.

"Nanga Jasper?" anafunsa Rutendo ndi mawu aang'ono.

"Amene anamupatsa chingwe choyezera akamulande," anatero a Rozina.

Kenako Primrose, nkhope ili gwa, anandiimika foni kumaso.

"Zungulizani mutu, tete."

Ndinazunguliza mokoma, mbali iyi ndi iyo, mpaka ndinawonjezera ka m'chiuno komwe foni sinapemphe.

Alendo anabalalika dzuwa likadalipo. Akamwini anatuluka akukanganabe za mabatire mpaka pageti, ndipo akazi awo anakwera makombi osiyana ngakhale onse ankadzera njira imodzi. Tinatsala awiri pabalaza. A Rozina anatuluka kuseri kuja, anadziwongola msana, nakhala pa mpando waukulu wa malemu, miyendo pa tebulo.

"Alamu," ndinatero, "zija za diso la mkamwini munazitenga m'buku liti? Ine ndakula ndi mwambo womwewu koma sindinazimvepo."

"Mwazimva lero."

"Mulungu akudalitseni."

"Asadalitse msanga. M'nyumba muno ndinalowa ndili mtsikana, inu muli kale kuseriko mukundiseka maphikidwe. Bernard wapita. Mukapitanso inu nditsala ndi loja woti azindipatsa moni wa Chingerezi. Koma tamverani, a Florida." Anandiyang'ana m'maso, ndipo maso a alamu anga ndi akuthwa, akamwini ali ndi mwayi kuti sawaona. "Nkhope nanenso ndili nayo. Khosi langa ndi lofewa kuposa lanu. Tsiku lomwe mudzanditopetse, ndidzaitana Primrose, ndidzati ndalota bambo ake akundiloleza, ndidzayang'ana m'kadiso kaja mpaka kadzachita manyazi."

Ndinapisa dzanja m'chitenje n'kutulutsa nthutumba ya nkhuku yomwe ndinabisa mkangano uli pakati. Ndinaigawa pawiri n'kutambasula dzanja.

Anayang'ana zidutswa zonse ziwiri modekha, natenga chachikulu.